Mphete ya timiyala tozungulira chala chonse, ndigule kapena ndisiye?

Amake Chiko, Chilenje:
Anzanga ndithandizeni, ukwati ndi December manje dzulo tinali ku Kamwala ndaona mphete ya timiyala tating'ono tozungulira chala chonse yandilowa mumtima, koma alamu anga akuti timiyalato timagwa ngati mano a mwana. Ine ndine wa mavitumbuwa, tsiku lonse manja ali mu ufa ndi m'madzi. Nzoona zimenezi?

Tisa wa ku Matero:
Asisi alamu anuwo sakunama. Yanga inali yomweyo, chaka chisanathe tiwiri tinagwa sindidziwa ngati tinapita ndi madzi ochapira kapena tinadyedwa mu nsima kkkk. Koma chimene chinandipweteka kwambiri nchakuti yozungulira ponse saikulitsa, palibe podula poti paliponse pali mwala. Nditakhala ndi pakati chala chinatupa, October kutentha kuja, tinachita kuivula ndi sopo ine misozi ili mbwee, mpaka lero ili mu kabati. Tengani ya theka chabe, miyala pamwamba pansi posalala.

Bambo Zulu, wokonza mphete:
Mayi, yang'anani mkati mwa mpheteyo muli nambala. 375 ndi golide wa 9 carat (carat ndi muyeso wa kuchuluka kwa golide weniweni mu mphete), 750 ndi wa 18 carat, 925 ndi siliva, ikakhala ilibe kanthu funsani bwino mwina ndi yongopaka. Kwa inu ogwira ntchito ndi manja sankhani ija miyala imakhala mu kangalande pakati pa timakoma tiwiri, osati yogwiridwa ndi timano chifukwa timanoto timatha, tikayamba kukola juzi kapena chitenje dziwani kuti mwala uli panjira, bweretsani timange usanagwe. Potsuka madzi ofunda pang'ono, dontho la Sunlight ya mbale ndi mswachi wofewa, makamaka kuseri kumene mafuta ndi ufa zimamatira. Colgate ayi amakanda, Jik ndiye mdani weniweni amafooketsa golide. Ndipo wina akakunyengererani ndi emerald, mwala wathu wobiriwira uja wa ku Lufwanyama, ndi wokongola inde koma amakhala ndi timing'alu timene amathiramo mafuta, madzi otentha ndi sopo wamphamvu zimachotsa mafutawo mwala nkuyamba kuoneka wotuwa.

Tisa wa ku Matero:
Komanso pokanda ufa vulani, ikolowekeni pa tcheni cha m'khosi, pa sinki musaike!

Amake Chiko, Chilenje:
Zikomo maningi, Loweruka ndibwerera kukaona nambala ija. Vuto latsala ndi abambo akunyumba, akangoona chala chilibe mphete mafunso ayambika kkkk