Makina oyeza nyengo pa bwalo la ndege azitumiza lipoti pakapita mphindi zingati?

Wa_ku_Chamama:
Akuluakulu, tithandizeni. Tiyerekeze kuti pa bwalo laling'ono ngati la Kasungu aikapo makina odziyezera okha nyengo, opanda munthu wokhala pamenepo. Kodi lipoti lizituluka pa ola kamodzi, kapena mphindi iliyonse? Ena akuti kutumiza pafupipafupi n'kungotha bandulo ndi batire.

Nyengo_Yathu:
Achimwene, tisiyanitse kuyeza ndi kutumiza. Makinawo amayeza osapuma, masekondi angapo aliwonse. Chimene chili ndi nthawi yake ndi lipoti lotchedwa METAR. Malamulo a ICAO, bungwe la dziko lonse loona za maulendo a ndege, m'buku lawo la Annex 3, amati lizituluka pa ola lililonse, kapena pa mphindi 30 kumene mayiko a m'chigawo agwirizana choncho.

Mphepo ya mu METAR si ya sekondi imeneyo ayi, amawerengera ya mphindi 10 zapitazo, ndipo choyezera chimakhala pa mlongoti wa mamita 10. Imene amauza woyendetsa ndege akamatera amawerengera ya mphindi 2 zokha, chifukwa iye akufuna kudziwa mphepo imene akumane nayo pa msewu wa ndege pompano.

Pakati pa malipoti awiri pali lipoti lapadera lotchedwa SPECI. Imeneyi siidikira wotchi. Imatuluka mphepo ikasintha kochokera ndi madigiri 60 kapena kuposa ili ndi liwiro la ma knot 10 (makilomita pafupifupi 19 pa ola) kupita m'mwamba, liwiro lenilenilo likasintha ndi ma knot 10, mvula ya mabingu ikayamba kapena kutha, ndiponso mtunda umene maso angaone ukadutsa malire monga mamita 5,000, 3,000, 1,500 ndi 800. Ine ndimati mphindi 30 kuphatikiza SPECI n'zokwanira.

Mai_a_Lisasadzi:
Sindikutsutsa zimenezo bambo, koma mphindi 30 zimathandiza amene akadali pansi ku Kamuzu International kapena ku Chileka, akukonza ulendo. Amene ali kale m'mwamba, akuyandikira bwalo lopanda nsanja yoongolera ndege, akufuna za mphindi yomweyo. N'chifukwa chake ku America makina odziyezera okha nyengo otchedwa AWOS amasintha mawu a pa wailesi mphindi iliyonse, ngakhale lipoti lolembedwa limapita pa intaneti patalipatali.

Taganizani za Disembala kuno kwathu. Mtambo wa mabingu umatha kukula masana, mphepo n'kutembenukiratu mvula isanagwe n'komwe, zonsezi mkati mwa theka la ola. Lipoti la 12:00 UTC, imene ndi 2 koloko masana kuno, likhoza kunena zoona pa nthawi yake koma n'kusocheretsa amene akutera 2:25.

Musaiwalenso QNH, nambala ya kulemera kwa mpweya imene amaiyeza mu ma hPa. Kusiyana kwa hPa imodzi kumasuntha altimeter, chipangizo choonetsa kuti ndege yakwera bwanji, ndi mafiti pafupifupi 30. Zikuoneka zochepa, koma munthu akagwiritsa ntchito nambala ya m'mawa masana, kusiyanako kumatha kufika ma hPa atatu kapena anayi. Ndipo Kasungu ali pamwamba pa mamita 1,000. Kutentha kwa Okutobala mpweya umapepuka, ndege imafuna msewu wautali kuti inyamuke, ndiye nambala ya kutentha iyeneranso kukhala ya nthawi yomweyo.

Fundi_wa_Sola:
Zabandulo musade nazo nkhawa achimwene, METAR ndi mzere umodzi wa malemba, siifika n'komwe pa chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp. Chimene chimadya batire ndi choyezera mitambo cha laser ndi wailesi yolankhula.

Vuto limene ndikufuna mulione ndi lipoti lakale looneka ngati latsopano. Netiweki ikagwa, mapulogalamu ena amangopitiriza kuonetsa nambala zomaliza. Muikeni makinawo kuti lipoti likapitirira nthawi yake lizifufutika, ndipo chipangizo chikafa pazilembedwa timizere ///// m'malo mwa nambala. Woyendetsa ndege akaona timizere amafunsa kwina, koma akaona nambala amaikhulupirira.

Kutumiza mphindi iliyonse kulibenso phindu ngati magalasi ali akuda. Seputembala ndi Okutobala fumbi ndi utsi wa tchire zimamatira pa galasi la choyezera mitambo, kangaude amaluka ukonde pa choyezera mtunda wooneka, makina n'kumanena kuti kuli chifunga dzuwa likuswa mtengo. Pukutani ndi nsalu yofewa sabata iliyonse nyengo imeneyi, onani waya wopita pansi mvula isanayambe chifukwa cha mphezi, ndipo barometer, yoyeza kulemera kwa mpweya, muziiyerekeza ndi ina yodalirika kuchokera ku nthambi yoona za nyengo.