Ndikaone chiyani kumpoto kwa Wales m'masiku atatu?

Wofunsa wa ku Manchester: Moni nonse. Mwezi wa Julaye ndikufuna kutenga amayi anga, amene abwera kudzacheza, kuti tikaone matauni ang'onoang'ono a kumpoto kwa Wales, koma tili ndi masiku atatu okha ndipo iwo sayenda mtunda wautali. Kodi tiyambire kuti?

Mayi wa ku Chester: Achimwene, yambirani ku Conwy. Nyumba yachifumu yamalinga ya kumeneko inamangidwa pakati pa 1283 ndi 1287 molamulidwa ndi Mfumu Edward I, ndipo tauni yonse yakale inazingidwa ndi mpanda wamiyala wokhala ndi nsanja 21. Masitepe okwerera pampandawo ndi otsetsereka, choncho amayi akhoza kungokhala padoko n'kumaona kanyumba kofiira kamene amati ndi kakang'ono kwambiri m'Britain monse, kotambalala mamita osakwana awiri.

Bambo wa ku Wrexham: Ine ndikuti musaphonye sitima yanthunzi ya Ffestiniog Railway, yochokera ku Porthmadog kukafika ku Blaenau Ffestiniog. Njanjiyi inatsegulidwa mu 1836 kuti izinyamula miyala yofolera nyumba kuchoka m'migodi ya m'mapiri kupita kudoko, ndipo mpaka lero milu yaikulu ya miyala yotuwa yazinga tauniyo. Amayi adzaona zonsezi ali chikhalire pazenera. Kumeneko anthu ambiri amalankhula Chiwelishi, ndipo amasangalala mukawathokoza ndi mawu akuti "diolch".

Wofunsa wa ku Manchester: Zikomo kwambiri. Tigona ku Conwy, sitimayo tidzakwera tsiku lachiwiri.