Scribus ikudula mawu a Chichewa pena paliponse, tipemphe bwanji kuti akonze?

Wa ku Limbe: Anzanga ndithandizeni ndisanaiponye panja kompyutayi. Ndikuyala kabuku ka mapemphero mu Scribus 1.6, pulogalamu yoyalira masamba a mabuku, ma column awiri, justified (mizere yolingana mbali zonse ziwiri). Ndikayatsa hyphenation, yodula mawu kumapeto kwa mzere, ikudula ngati Chingerezi: chipem-bedzo, Mulun-gu, nk-hondo. Ndikazimitsa, mipata ya pakati pa mawu ikukula moti njinga ingadutsepo. Dikishonale yodulira mawu a Chichewa mulibe. Ndikufuna ndiwalembere eni pulogalamu. Ndilembe kuti, ndinene chiyani kuti andimve? Ntchito ikufunika Lachisanu.

Mkulu wa pa Offset: Achimwene, zimitsani hyphenation, ikani align left kuti mizere ilingane kumanzere kokha, nkhani yatha. Zopemphazo n'kutaya nthawi.

Wa ku Limbe: Abusa akufuna justified, akuti zioneke ngati Baibulo.

Mayi wa ku Mzuzu: Mapempho amapita ku bugs.scribus.net, koma za Lachisanuzo muiwale, sizikonzeka sabata ino. Ndipo musalembe mtima uli m'mwamba chonchi. Scribus ndi yaulere, oikonza ndi anthu ongodzipereka, alibe ngongole ndi inu. Yambani mwafufuza ngati wina anapempha kale. Pempho limodzi, nkhani imodzi. Za spell check ndi za ŵ musaziunjike momwemo. Tchulani version, ngati ndi Windows kapena Linux, muikepo chithunzi ndi kafayilo ka Scribus (.sla) ka tsamba limodzi. Fayilo yonse ya kasitomala ayi chonde, pamenepo aliyense amatha kutsegula.

Wa LibreOffice: Kuwonjezera pa zimene anena amayiwa: kungolemba kuti "ikani Chichewa" sikuthandiza, chifukwa anthuwo Chichewa sachidziwa. Scribus imadula mawu potsatira timafayilo ta hyph, tofanana ndi ta LibreOffice, njira imene Frank Liang anakonzera pulogalamu ya TeX mu 1983. Chosowa ndi kafayilo ka chilankhulo chathu, chimene code yake ndi ny. Ndiye alembereni malamulo ake. Mphatikizo wathu umathera pa lembo la liwu, choncho chi-pe-mbe-dzo, Mu-lu-ngu. Mb, nd, nkh, mph, dz, ts sizilekanitsidwa. Povuta ndi pa m woima payekha monga mu mkango ndi m'mudzi, komanso ng' ya mu ng'ombe, chifukwa apostrophe imabwera pawiri, yowongoka ndi yopindika. Mukaiwala imodzi, mudzaona ng' ili kumapeto kwa mzere, ombe ali pansi. Tumizani mndandanda wa mawu odulidwa kale bwino kuti ayesere. Koma musakopere dikishonale ya eni ake, mawuwo akhale anuanu kapena opatsidwa chilolezo.

Mkulu wa pa Offset: Zonsezo mpaka liti? Align left.

Wa ku Area 25: Mwandikumbutsa. Kumene ndinkagwira ntchito kale, mnyamata wina anasiya language pa English UK m'buku lonse la nyimbo. Proof sanaiwerenge aliyense, anangoona kuti masamba akwana. Ma plate anawotchedwa, mabuku n'kumangidwa. Mkulu wampingo atatsegula anapeza dzina la Mulungu laduka pakati kangapo, anabweza makatoni onse tsiku lomwelo. Mapepala aja tinkakulungira ma invoice chaka chathunthu.

Mayi wa ku Mzuzu: Ife a InDesign, pulogalamu ya Adobe yoyalira mabuku, sikuti tili pabwino. Adobe imalandira mapempho pa UserVoice ndipo anthu amavotera. Pempho la Chichewa lingapeze mavoti angati? Ine ndimaika discretionary hyphen (kamzere kobisika, koonekera pokhapokha mawu akaduka kumapeto kwa mzere) pambuyo pa lembo la liwu, pogwiritsa ntchito GREP, njira yofufuzira ndi kusintha zilembo zambiri nthawi imodzi. Zimagwira, koma chenjerani: chitani pomalizira penipeni, kasitomala atavomereza kale mawu onse, komanso sungani kope losakhudza. Mukatengera mawuwo ku Word kapena kwina, timizere tija nthawi zina timatulukira poyera.

Wa LibreOffice: Mu Scribus kamzere kobisikako kalimo, amakatcha soft hyphen, pa Insert. Pa kabuku kakang'ono ingoikani pamanja m'mizere imene yayasama.

Mkulu wa pa Offset: Ndinanena kale. Abusawo aonetseni tsamba limodzi la align left losindikiza bwino, sadzazindikira n'komwe. Inu mukalemba pempholo lidzakhala pamenepo mpaka mudzapume pa ntchito.

Wa LibreOffice: Akulu, pempho lobwera ndi kafayilo koyesedwa kale silifanana ndi lobwera chimanjamanja. Wa ku Limbe, ngati mndandanda mungauyambe, ine ndiyesa kupanga kafayiloko kumapeto a mwezi.

Wa ku Area 25: Poti tili pomwepa, ndani ali ndi font ya serif yokhala ndi ŵ ndi Ŵ mu bold italic momwe? Yanga ikungotulutsa kabokosi mu PDF.