Kodi kuchita renda chipinda chosungiramo katundu kungathandize nyumba yodzaza?

Mayi a Tadala, Matundo

Ndikupempha maganizo kwa inu amene mukukhala mumzinda wa Tete kapena ku Moatize. Banja lathu likukhala m'nyumba ya renda ya zipinda ziwiri ndi pabalaza ku Matundo, ndipo nyumbayi yadzaza katundu moti ana akusowa malo olembera ntchito ya kusukulu. Katundu wambiri si wathu ayi. Pali kabati yaikulu, bedi lamatabwa, mipando ndi makina osokera a malemu amayi, zimene tinabwera nazo kuchokera ku Ulongwe denga la nyumba yawo litayamba kudontha. Palinso firiji, wailesi yakanema, matiresi ndi makatoni a mlongo wanga amene ali ku Johannesburg ndipo sananene kuti abwera liti. Kuwonjezera apo, tikakolola kumudzi timabweretsa matumba a chimanga amene timawaunjika kuseri kwa chitseko.

Amuna anga akuganiza zoti tichite renda chipinda kapena kontena kuti katunduyu akakhale kumeneko. Ndimamva kuti m'maiko ena muli makampani amene ntchito yawo ndi kubwereketsa tizipinda totere, koma kuno ndimangoona ma armazém, nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu wa anthu amalonda. Kodi alipo amene anachitapo zimenezi? Chabwino n'chiyani pakati pa kontena ndi chipinda cha njerwa, ndipo tisamale chiyani?

Bambo Zulu, Moatize

Mayi a Tadala, ine ndimagwira ntchito yosunga zipangizo ku kampani ina kuno ku Moatize, ndipo ndiyankhe za kontena chifukwa ndi imene ndimatsegula tsiku ndi tsiku. Kontena yaing'ono ija imakhala pafupifupi mamita 6 m'litali ndi mamita 2.4 m'lifupi, kotero katundu wanu yense akhoza kulowamo n'kutsala malo. Akuba amavutikanso nayo ngati loko ali wabwino. Vuto lake ndi dzuwa la kuno kwathu. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40 panja, ndiye chitsulo chotsekedwa chikakhala padzuwa kuyambira m'mawa, m'kati mwake mumatentha kuposa pamenepo. Matabwa a kabati amauma mopitirira n'kuyamba kung'aluka, guluu wa m'mipando amaleka kugwira, siponji ya matiresi imafumbutuka, ndipo pulasitiki ndi mphira wa pachitseko cha firiji zimalimba n'kusweka. Mvula ikayamba mu Disembala pamabwera vuto lina: chinyezi chimene chatsekeredwa m'kati chimasanduka madontho kudenga usiku, n'kumagwera pakatundu, ndipo ndi mmene chuku ndi dzimbiri zimayambira ngakhale kontenayo ilibe bowo.

Choncho ngati n'kotheka, funani chipinda cha njerwa chokhala ndi simenti pansi ndiponso timabowo tolowetsa mpweya, monga ma dependência, tizipinda tapadera timene eni nyumba ambiri amamanga kuseri kwa nyumba m'kati mwa mpanda. Mukapeza kontena yokha, ikhale pamthunzi kapena yofoleredwa denga lina pamwamba. Kulikonse kumene mungasankhe, katundu asakhudze pansi kapena khoma. Muike mapaleti kapena njerwa, ndipo musiye mpata woti munthu n'kuyenda ndi tochi kuona ngati chiswe chayamba kumanga njira zake. Firiji muitsuke, iume bwino, ndipo chitseko chake chikhale chotsegula pang'ono. Mabatire muwachotse m'zipangizo zonse, ndipo botolo la gasi, petulo kapena parafini zisalowemo n'komwe.

Chimanga chisakhale pamodzi ndi mipando ndi zovala. Chimakoka makoswe, ndipo makoswewo akatha kudya amakaswerana m'matiresi. Anankafumbwe nawo amachulukana msanga pamalo otentha, kotero ndi bwino chimanga chikhale ku Angónia, dera la kwanu ku Ulongwe, kumene kumazizira, m'matumba aja osalowa mpweya, n'kumabweretsa thumba limodzi kapena awiri pamene mukuwafuna.

aNabanda, Ulongwe

Achemwali, zimene anena Bambo Zulu n'zoona, koma ine ndikuona kuti nkhani yanu yagona pa umwini wa katunduyo, osati pa kuchepa kwa nyumba. Mwanena nokha kuti wambiri si wanu. Mukachita renda chipinda, mudzakhala mukulipira mwezi ndi mwezi kuti nkhani ziwiri za pabanja zisakambidwe, ndipo katundu akachoka pamaso palibenso amene amafulumira kuzikamba.

Yoyamba ndi ya malemu amayi. Mwa mwambo wathu katundu wa malemu sakhala m'manja mwa mwana mmodzi mpaka kalekale. Atsibweni kapena mwini mbumba amaitana ana ndi abale, kawirikawiri pa nthawi ya sadaka kapena yomanga chiliza, ndipo aliyense amapatsidwa chake anthu akuona. Inu munachita bwino kupulumutsa katunduyo ku mvula, koma ngati sanagawidwe, tsiku lina wina adzafunsa kuti kabati ya amayi ili kuti, ndipo mukadzati inadyedwa ndi chiswe m'chipinda cha renda, sadzakumbukira ndalama zimene munalipira. Mukauze atsibweni kuti katunduyu wakulemerani ndipo mukupempha kuti agawidwe. Mwina pali mng'ono wanu amene akugona pamphasa pamene bedi lili chiimire m'nyumba mwanu, kapena mdzukulu wa malemu amene anaphunzira kusoka koma alibe makina.

Yachiwiri ndi ya alongo anu. Anthu athu akapita ku Joni amati ndibwera chaka cha mawa, koma zaka zimadutsa. Aimbireni foni, muwauze mwaulemu kuti nyumba yachepa, ndipo asankhe okha: azitumiza ndalama ya renda ya chipindacho, kapena akuloleni kugulitsa firiji ndi wailesi yakanema zikadali ndi mtengo n'kuwasungira ndalamayo, kapena katunduyo apite kumudzi. Zipangizo zamagetsi zikangokhala sizikwera mtengo.

Muchitenso masamu musanasaine kalikonse. Tingoyerekeza kuti chipinda mwachipeza pa 2,000 meticais pamwezi. Pachaka ndi 24,000, pa zaka ziwiri ndi 48,000, osawerengera galimoto yonyamula. Kodi firiji yakale ndi matiresi amene akhala m'chipinda chotentha zaka ziwiri mungazigulitse pa ndalama imeneyo? Sindikukana renda. Imathandiza kwambiri munthu amene akusamuka, akumanga nyumba, kapena watumizidwa kukagwira ntchito ku Songo kapena ku Beira kwa miyezi yodziwika. Koma pamafunika tsiku lotulutsa katunduyo lidziwike musanamulowetse.

Bambo Maseko, Chingodzi

Ndiwonjezere zinthu ziwiri zimene sizinatchulidwe, madzi ndi pepala.

Tonse a tsidya lino la Zambezi tikukumbukira mmene mtsinje wa Revúbuè unasefukira mu Malichi 2019 n'kulowa m'nyumba za m'malo otsika kuno ku Chingodzi, ndiponso mmene namondwe Ana anagumulira mlatho wa pamtsinjewu mu Januwale 2022. Zipinda zotsika mtengo nthawi zambiri zimapezeka m'malo omwewo. Munthu akakhala m'nyumba amathawitsa katundu madzi akamabwera, koma chipinda chokhoma loko chilibe wochithawitsira. Musanalipire, yang'anani makoma ngati ali ndi mzere wa matope, ndipo mufunse anthu oyandikana nawo, osati mwini chipinda yekha, kuti madzi anafika pati m'zaka ziwiri zimenezo. Ndingakulangizeninso kuti chipindacho chikhale mbali yomweyo ya Zambezi imene mukukhala. Mukachipeza tsidya la tauni, ulendo uliwonse wokaona katundu udzafuna kuwoloka mlatho wa Samora Machel, ndipo mudzapeza kuti miyezi ikutha musanapiteko.

Za pepala, musadalire mawu apakamwa ngakhale mwini malo ndi wa mpingo wanu. Mulembe contrato, kalata ya pangano, ngakhale ya tsamba limodzi, yokhala ndi maina ndi manambala a BI (chiphaso cha unzika) a nonse awiri, ndalama ya pamwezi, tsiku lolipira, ndi masiku amene aliyense ayenera kuchenjeza mnzake akafuna kuthetsa pangano. Mulembemo momveka bwino chimene chidzachitike mukachedwa kulipira, chifukwa eni malo ena amathyola loko n'kugulitsa katundu ponena kuti akubweza ngongole. Mulembenso amene adzakonza denga likadontha, ndi kuti loko ndi wanu ndipo makiyi ali ndi inu nokha. Chefe do quarteirão, mkulu woyang'anira dera lanulo, asaine ngati mboni. Katundu yense mumujambule pafoni tsiku lolowetsa, mndandanda wake ukhale pawiri, wina kwa inu wina kwa mwini malo. Polipira tumizani ndalama pafoni kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola kuti uthenga ukhale umboni, ndipo mukapereka ndalama pamanja mulandire recibo (lisiti). Zikalata za malo, masatifiketi a sukulu ndi zithunzi za makolo zisapite kumeneko. Zimenezo zimakwana m'sutikesi imodzi pansi pa bedi.

Mayi a Tadala, Matundo

Zikomo nonse. Takambirana ndi amuna anga, ndipo tagwirizana kuti chimanga cha chaka chino chikhale kumudzi. Alongo anga avomera kuti firiji ndi matiresi tigulitse, koma makatoni ndi wailesi yakanema akufuna tiwasungire, ndipo ati azitumiza theka la renda. Atsibweni ati nkhani ya katundu wa amayi ikambidwa tikamanga chiliza mvula ikatha, choncho tifuna chipinda cha njerwa cha miyezi 6 yokha, kumtunda kuno ku Matundo. Funso limene latsala ndi la makina osokera. Kodi nawo apite kuchipindako?

Bambo Zulu, Moatize

Ngati ali makina opalasa ndi phazi, ine ndingati akhale kunyumba, chifukwa mutu wake umapindikira m'kati ndipo pamwamba pake pamasanduka tebulo loti ana n'kulemberapo. Mukawapititsa, muchotse lamba n'kumusunga padera, mudontheze mafuta a makina m'mabowo onse ndi pomwe pamakhala bobini, ndipo muwafunditse nsalu ya thonje. Pepala la pulasitiki limasunga chinyezi m'kati ndipo chitsulo chimachita dzimbiri msanga. Mukapita kukalipira renda mwezi uliwonse, muzizunguza gudumu lake kangapo kuti mafuta ayende.