Timu yanga ya Pokémon ya Water ikugonja kwa Grass, ndichotse ndani ndipo ndiike ndani?

Phiri wa ku Mufakose

Moni nonse a pa gulu lino, akuluakulu ndi achinyamata omwe. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumasewera Pokémon mopikisana, makamaka amene munamangapo timu ya mtundu umodzi, monga Water (madzi), Grass (zomera) kapena Electric (magetsi). Ife a kuno ku Mufakose pamodzi ndi anzathu a ku Dzivarasekwa, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, tagwirizana zochita kampikisano kathu pa Pokémon Showdown, tsamba la pa intaneti lomenyanitsira ma Pokémon, popeza imatseguka pa foni yokhala ndi intaneti ndipo munthu safunika kukhala ndi Nintendo Switch. Lamulo lathu ndi lakuti ma Pokémon onse 6 akhale ndi mtundu umodzi wofanana, monga amachitira ma Gym Leader m'gemu, ndipo tikusankha mwa amene amapezeka mu gemu ya Pokémon Scarlet ndi Violet ya mu 2022 pamodzi ndi zowonjezera zake.

Ine ndinasankha Water, ndipo timu yanga ndi Swampert, Gastrodon, Gyarados, Greninja, Vaporeon ndi Lapras. Swampert ndi Gastrodon ndinawaika onse awiri chifukwa ali ndi mtundu wa Ground, choncho Electric sawakhudza n'komwe, ndipo kunena zoona timu za Electric sizindivutitsa. Vuto lili pa alamu anga, amene asankha Grass. Akangotulutsa Rillaboom, bwalo lonse limamera udzu wotchedwa Grassy Terrain, kenako move (njira yomenyera) yake ya Grassy Glide imayamba kumenya ine ndisanasunthe, ndipo amene wapulumuka amakamalizidwa ndi Flower Trick ya Meowscarada. Funso langa ndi lakuti, kodi timu ya Water ingathe kulimbana ndi Grass popanda kuswa lamulo la mtundu umodzi, ndipo ngati ingathe, ndichotse ndani? Lapras ndimamukonda kwambiri, choncho mundiuze mwachifundo.

Nabanda wa ku Mabvuku

Achimwene a Phiri, musanaganize za amene mungawonjezere, yambani mwawerenga timu yanu mmodzimmodzi moyang'anizana ndi Grass. Vaporeon, Greninja ndi Lapras amamenyedwa mowirikiza kawiri, pamene Swampert ndi Gastrodon amamenyedwa mowirikiza kanayi, chifukwa Water ndi Ground onse ndi ofooka kwa Grass. Amene watsala ndi Gyarados yekha, amene mtundu wake wachiwiri wa Flying umachepetsa mphamvu ya Grass kuti ikhale wamba. Ndiye kuti mwa 6, asanu sangalowe m'bwalo pamene Rillaboom akumenya, ndipo kumbukirani kuti Grassy Terrain imawonjezera 30 peresenti pa mphamvu ya ma move a Grass. Mwatseka khomo la Electric ndi maloko awiri, koma la Grass mwalisiya pululu.

Timu ya mtundu umodzi imadalira kwambiri mtundu wachiwiri wa Pokémon aliyense komanso ability (luso lapadera) yake, chifukwa ndi pamenepo pokha pamene muli ndi ufulu wosankha. Ine ndikanayamba ndi Azumarill wokhala ndi Sap Sipper. Ability imeneyi imachititsa kuti ma move a Grass asamupweteke konse, m'malo mwake Attack yake imakwera, ndipo imatchinganso Spore ndi Leech Seed, zimene timu za Grass zimakonda kugwiritsa ntchito. Kuwonjezera apo, iye ndi Water ndi Fairy, choncho Knock Off ndi U-turn, zimene Rillaboom ndi Meowscarada amanyamula kawirikawiri, zimamupweteka pang'ono. Wachiwiri ndikanaika Toxapex, amene mtundu wake wa Poison umamuthandiza kupirira Grass, ndipo ability yake ya Regenerator imamubwezera gawo limodzi mwa magawo atatu a HP (moyo) yake nthawi iliyonse akatuluka m'bwalo. Awiriwa alowe m'malo mwa Vaporeon ndi mmodzi mwa a Ground aja.

Mwale wa ku Epworth

Achemwali afotokoza bwino, koma pa Azumarill ndikusiyana nawo pang'ono. Chimene chimachititsa kuti Pokémon ameneyu aziopedwa ndi ability ya Huge Power, imene imawirikiza Attack yake kawiri. Mukamupatsa Sap Sipper mwataya zimenezo, popeza Pokémon amakhala ndi ability imodzi yokha, ndipo pokumana ndi mitundu ina yonse adzangokhala mlendo m'timu. Komanso alamu anuwo akakhala ndi Amoonguss, Sludge Bomb idzamumenya Azumarill mowirikiza kawiri, pakuti Fairy ndi yofooka kwa Poison, pamene Toxapex alibe chenicheni chimene angamuchite Amoonguss.

Ine ndimakhulupirira kuti Grass imagonjetsedwa poimenya msanga, osati poidikira. Ikani Pelipper, amene ability yake ya Drizzle imagwetsa mvula akangolowa. Mvula imawonjezera theka pa mphamvu ya ma move a Water, koma chofunika kwambiri pa nkhani yanuyi ndi chakuti Hurricane siphonya mvula ikamagwa, ndipo imamenya Rillaboom, Meowscarada ndi Amoonguss yemwe mowirikiza kawiri. Pambali pake muike Barraskewda kapena Kingdra, amene Swift Swim imawirikiza liwiro lawo kawiri pa mvula. Greninja musamuchotse, mumupatse Ice Beam ndi U-turn.

Nabanda wa ku Mabvuku

A Mwale, za Pelipper ndikuvomereza, ndipo za Amoonguss mwanena zoona. Koma liwiro la Swift Swim silithandiza pa vuto lenileni limene a Phiri abwera nalo, chifukwa Grassy Glide pa Grassy Terrain imatsogola mosayang'ana kuti wothamanga ndani, ndipo Barraskewda ndi wosalimba moti sangayembekezere kupirira. Mvula nayonso imatha pakapita ma turn 5, kuyambira pa X ndi Y ya mu 2013, ndiye wosewera wanzeru amangosinthasintha mpaka itakata. Chinanso chimene anthu amaiwala ndi chakuti mvula yomweyo imachititsa kuti Thunder isaphonye, choncho mukakumana ndi timu ya Electric mumakhala mwainolera nokha mpeni. Sindikunena kuti Azumarill wa Sap Sipper ndi wamphamvu paliponse. Ndikunena kuti m'timu ya Water payenera kukhala mmodzi amene angalowe pa Grassy Glide kapena Wood Hammer popanda kutaya kanthu, ndipo mwa amene tawatchula, iye yekha ndi amene angatero.

Bambo Mbewe a ku Highfield

Ana anga, ndawerenga zonse ndipo ndaona kuti nonse awiri muli ndi mfundo. Ine ndinayamba masewerawa pa Game Boy, pamene mitundu inali 15 yokha, Dark ndi Steel zisanabwere mu Gold ndi Silver, ndipo lero ilipo 18. Ndikutchula zimenezi chifukwa a Phiri akukonzekera mpikisano, osati kulimbana ndi alamu awo okha. Mukadzaza timu yonse ndi zothana ndi Grass, mudzapambana kunyumba koma mudzagwa kwa munthu woyamba amene wabwera ndi Electric kapena Dragon. M'masewera a mtundu umodzi, mitundu ina imakhala yovuta kwa inu ngakhale mutamanga bwanji, ndipo cholinga ndi kungoonetsetsa kuti muli ndi njira imodzi yopambanira, ngakhale yopapatiza.

Choyamba, gwirizanani za malamulo mpikisano usanayambe. Mu Monotype (masewera a mtundu umodzi) ya Smogon, gulu lokonza malamulo a mipikisano, imene ili pa Showdown, Terastallization (kusintha mtundu wa Pokémon pakati pa nkhondo) ndi yoletsedwa, ndipo chifukwa chake n'chomveka, popeza Pokémon akaloledwa kusintha mtundu pakati pa nkhondo, tanthauzo la mtundu umodzi limatha. Damp Rock, imene imatalikitsa mvula kufika pa ma turn 8, ndi yoletsedwanso. Ngati inu mwasankha kusewera ndi malamulo anuanu ndipo mwalola ziwirizi, malangizo a a Mwale alemera kwambiri kuposa mmene akuonekera pano.

Chachiwiri, pa a Ground awiri aja, sungani mmodzi ndipo musamutaye mwachisawawa, chifukwa iye ndiye amaletsa Volt Switch, move ya Electric yomenya n'kutuluka, kuti isamangozungulira timu yanu. Gastrodon ali ndi Recover, choncho amakhalitsa, ndipo Storm Drain imathandiza mukakumana ndi timu ina ya Water. Swampert alibe move yodzichiritsira yotero, koma ali ndi Flip Turn, imene imamulola kumenya n'kutuluka kuti mnzake alowe bwino. Onse awiri angathe kuika Stealth Rock, miyala imene imapweteka mdani akamalowa m'bwalo. Pa timu yodalira mvula ine ndikanasankha Swampert, pa timu yodekha ya Toxapex ndikanasankha Gastrodon.

Chachitatu, musaike Gyarados ndi Pelipper pamodzi popanda kulingalira bwino. Onse ndi Water ndi Flying, onse amamenyedwa ndi Electric mowirikiza kanayi, ndipo onse amataya gawo limodzi mwa magawo anayi a HP yawo akalowa pa Stealth Rock, pokhapokha atavala Heavy-Duty Boots. Samalaninso ndi Freeze-Dry, move ya Ice imene imamenya Water mowirikiza kawiri, ndipo kwa Pelipper, Gyarados, Swampert ndi Gastrodon imafika kanayi. Ngati mukufuna wina wothandiza pa Electric, ganizirani za Rotom-Wash, kapena Lanturn amene Volt Absorb imamuchiritsa akamenyedwa ndi Electric.

Phiri wa ku Mufakose

Zikomo kwambiri achemwali, a Mwale, ndi inu bambo Mbewe. Ndakambirana ndi anzanga ndipo tagwirizana kutsatira malamulo a Monotype monga alili pa Showdown, choncho Terastallization ndi Damp Rock sizikhalapo. Tagwirizananso kuti munthu akadukidwa intaneti chifukwa cha kuzima kwa magetsi, nkhondoyo ibwerezedwe, popeza ambiri a ife timasewera pa foni madzulo. Timu imene ndikufuna kuyesa ndi Pelipper, Azumarill wa Sap Sipper, Toxapex, Swampert, Greninja ndi Rotom-Wash. Lapras ndamupumitsa kaye, ngakhale mtima ukukana. Chimene chandisokonezabe ndi Greninja, chifukwa ndaona kuti Meowscarada amamutsogolera nthawi zonse ngakhale ndamupatsa liwiro lonse. Kodi pali chimene ndingachite, kapena ndimulowetse Kingdra m'malo mwake?

Mwale wa ku Epworth

Musamuchotse, achimwene. Base Speed ya Meowscarada ndi 123 pamene ya Greninja ndi 122, ndiye akukuposani ndi kamodzi kokha. Mupatseni Choice Scarf, imene imawonjezera theka pa liwiro koma imamukakamiza kubwereza move imene wayamba nayo mpaka atatuluka. Meowscarada ndi Grass ndi Dark, choncho U-turn imamumenya mowirikiza kanayi, malinga ngati ability yake ya Protean sinamusinthe kale mtundu. Chenjezo ndi lakuti osewera ambiri amamupatsanso Meowscarada Choice Scarf, ndipo zikatero adzakutsogoleranibe. Choncho ulendo woyamba Meowscarada akalowa m'bwalo, lowetsani Azumarill kapena Toxapex, muonetsetse ngati akusintha ma move asanatuluke m'bwalo. Akasintha, ndiye kuti sananyamule Choice Scarf, ndipo Greninja wanu angathe kumutsogolera.