Lipoti lathu likafika kwa aphungu, tikapemphe chiyani?

Wofufuza za umoyo m'madera:
Akuluakulu anzanga, ndikupempha nzeru. Bungwe lathu lapatsidwa mwayi wokaonekera ku komiti ya aphungu yoona za umoyo bajeti isanaperekedwe, ndipo tili ndi lipoti la kauniuni amene anthu a m'madera akhala akuchita m'zipatala kuchokera pamene boma la America linaimitsa thandizo lake mu Januwale 2025. Ma ARV akupezekabe, koma ntchito yopewa HIV ndiyo yalowa pansi: achinyamata ophunzitsa anzawo anasiya posowa ndalama yoyendera, makondomu akatha amachedwa kubwera, ndipo amene anayamba PrEP, mankhwala oteteza munthu kuti asatenge HIV, palibe akuwatsatira. Mkulu wina woona za bajeti atawerenga anati nkhanizi n'zomvetsa chisoni, koma pempho lathu sakuliona. Tilikonze bwanji?

Wounika bajeti:
Mkuluyo wakuuzani zoona, mayi. Musayambe ndi pangano la ku Abuja la 2001 loti maboma azipereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, chifukwa limakamba za umoyo wonse, ndipo a zachuma analimva kambirimbiri moti yankho lake ali nalo kale pakamwa. Chokuthandizani ndi chigwirizano cha ku United Nations cha 2016, chimene chinati gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama za Edzi lizipita ku ntchito yopewa. Tengani lipoti la kauniuni wa ndalama za Edzi m'dziko lotchedwa NASA (National AIDS Spending Assessment), limene limasonyeza kochokera ndi kopita ndalama za Edzi, muonetse kuti pa ntchito yopewa boma likuikapo zingati zake. Kenako chilichonse mwa zinthu zitatu mwatchulazo chikhale ndi mtengo wake wa pachaka, ndipo mupemphe kuti ntchito yopewa ikhale ndi mzere wakewake m'bajeti, popeza ndalama yoponyedwa m'thumba limodzi imathera ku mankhwala ndi malipiro.

Womenyera ufulu wa odwala:
Ndikugwirizana nanu, komabe adzafunsa kuti ndalamayo ichokera kuti. Bwanji osatchula Zimbabwe? Kumeneko anakhazikitsa msonkho wa Edzi mu 1999, wa 3 peresenti pamwamba pa msonkho umene ogwira ntchito ndi makampani amalipira, ndipo National AIDS Council ndiyo imayendetsa ndalamazo.

Wounika bajeti:
Chitsanzocho n'chabwino, bambo, koma ine sindingachiike patsogolo. Msonkho wotere umadalira anthu olembedwa ntchito, amene m'mayiko osauka ndi ochepa, ndipo ku Zimbabwe komweko unasanduka wopanda mphamvu pamene ndalama yawo inagwa mu 2008. Komanso mukangotchula msonkho watsopano, mwawapatsa chifukwa chonenera kuti nkhaniyi ifunika kukambirana kaye. Khomo lapafupi ndi la Global Fund, thumba la padziko lonse lolimbana ndi Edzi, TB ndi malungo, limene limafuna kuti boma lolandira thandizo liziikapo ndalama zake, ndipo gawo lina la thandizolo limatuluka pokhapokha lonjezolo likakwaniritsidwa. Pemphani kuti ntchito yopewa ilowe m'lonjezo limenelo, pakuti apo a zachuma amaona phindu lawo.

Namwino wa kiliniki ya PrEP:
Ndionjezepo za achinyamata aja, chifukwa ndiwo amayamba kudulidwa. Aphungu ena adzanena kuti jakisoni woteteza ku HIV wa lenacapavir, amene WHO inavomereza mu Julayi 2025 ndipo amabayidwa kawiri pachaka, athetsa vutoli. N'zoona kuti pa zotsatira zoyamba za kafukufuku wa jakisoniyu wotchedwa PURPOSE 1 ku South Africa ndi Uganda panalibe mtsikana amene anatenga kachilombo mwa amene anabayidwa. Koma munthu amayenera kuyezedwa magazi asanabayidwe, ndipo pakatha miyezi 6 ayenera kubweranso. Mtsikana amene sakudwala sasunga tsiku la kuchipatala ngati wodwala. Amene amamukumbutsa ndi mnzake uja wa m'dera. Choncho pemphani kuti boma lizilemba mgwirizano ndi mabungwe a m'madera n'kumawalipira pa ntchitoyi. Pa makondomu, lembani chipatala chilichonse ndi masiku amene shelefu inali yopanda kanthu, motsatira kaundula wa m'chipinda chosungira mankhwala, kuti wina asatsutse kuti ndi mphekesera.

Wofufuza za umoyo m'madera:
Zikomo kwambiri nonse. Tsamba loyamba likhala la mapempho atatu ndi mitengo yake, maumboni a anthu abwera pambuyo, ndipo za Zimbabwe tizisunga kufikira atafunsa. Masiku a makondomu tili nawo, kupatula zipatala zingapo zimene tibwererako sabata ino. Bambo wounika bajeti, ndingakutumizireni mawerengero a ndalama yoyendera ya achinyamata kuti muwaone tisanasindikize?