Za mimba yanga ya mapasa ija

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa chifukwa chimene mimba iyi inkanditopetsa kuposa ya mwana wanga woyamba. Ndinamvera amayi aja amene anati ndisamaphonye sikelo komanso ndizimwa mankhwala owonjezera magazi tsiku lililonse. Zoti ndimwe zitsamba zofewetsa njira ndinazisiya, mundikhululukire.

Ndinachira ku Bwaila, atsikana awiri, pa masabata 36. Anamwino anali atandiuza kale kuti mapasa kawirikawiri amabwera msanga, choncho chikwama ndinalongedza mwezi wa 7: zitenje, beseni, zipewa ziwiriziwiri. Wachiwiri anabadwa wochepa thupi, ndinamusunga pachifuwa mwa kangaru, wina ali kwa apongozi.

Kusiyana kulipo ndithu. Pa mimba yoyamba ija ndinkayenda wapansi kuchokera ku Kawale mpaka kumsika wa mtauni. Ulendo uno kungokwera minibasi, wefuwefu! Mapazi anatupa mpaka nsapato kukana.

Chimene sindinkadziwa: BP imakwera mosavuta pa mimba ya mapasa. Mutu ukamawawa kwambiri, maso kuchita chidima kapena nkhope kutupa, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire tsiku la sikelo.